MIIMBA IKUTHA KU MALAMBO: POIZONI WALOWA M'CIGWA CA LUANGWA

Dzuwa likakwera pang'ono m'mwezi wa October, pamene nthaka ya ku Malambo iyamba kuocha mapazi, munthu woima pa mlatho wa Luangwa ku Mfuwe akhoza kuona timadontho takuda tikuzungulira kutali m'mwamba. Imeneyo ndiyo miimba, mbalame zimene anthu ena kuno amazicha makubi. Miimba siuluka mbandakuca ai. Imakhala pa nsonga za mitengo kufikira mpweya wotentha utayamba kukwera kucokera pansi, ndipo pamenepo imatambasula mapiko ace ndi kunyamulidwa ndi mpweyawo yosakupiza konse, uliwonse ukuyang'ana pansi ndiponso ukuyang'ana unzace. Umodzi ukatsika, ina yonse imene inali kuuona imatsikira komweko, ndipo ya kutali imatsata ya pafupi. Motero nyama yofera pa dambo la kwa Kakumbi ikhoza kuitana mbalame zocokera kutali kwambiri.

Alenje a Cikunda anadziwa zimenezi kuyambira kale, ndipo anali kutsata miimba kuti akapeze nyama imene mkango wasiya. Alonda a nyama a Boma naonso amayang'ana kumwamba akakhala pa ulonda. Miimba yambiri ikasonkhana pamalo amodzi, iwo amapita kukaona cimene cafa. Tsono nzeru yomweyi ndiyo yaitanira mbalamezi imfa. Anthu opha njobvu mwakuba anazindikira kuti mboni imene imawaulula iri m'mwamba, ndipo anapeza njira yoitsekera pakamwa.

Akapha njobvu ndi kuzula minyanga, anthuwa amathira mankhwala a m'munda opha tizirombo pa mtembo wace, nacoka. Miimba imafika yambirimbiri, imadya, ndipo yocuruka imafera pomwepo. Ina imagwa kucokera m'mitengo yapafupi, ina imakafera ku madzi kumene inathamangira ndi ludzu. Fisi ndi nkhandwe zikabwera usiku kudzadya zotsala, nazonso zimafa. M'caka ca 2016 miimba yoposa 100 inapezedwa yakufa pa mtembo wa njobvu m'nkhalango ya South Luangwa, nkhalango imene anthu a m'boma la Mambwe amaiona tsiku ndi tsiku kutsidya kwa mtsinje.

Bvutoli siliri kuno kokha. Akatswiri atatu a mbalame, a Darcy Ogada, a André Botha ndi a Phil Shaw, anasonkhanitsa nkhani zotere ndipo anapeza kuti pakati pa 2012 ndi 2014, pa zocitika 11 zokha m'maiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, panafa njobvu 155 ndi miimba 2,044. M'mwezi wa June 2019 Boma la Botswana linalengeza kuti miimba 537 inafa itadya mitembo ya njobvu zitatu zokha. Cifukwa muimba umayenda makilomita mazana-mazana pofuna cakudya, wosadziwa malire a maiko, poizoni wothiridwa ku Botswana kapena ku Mozambique akhoza kupha mbalame imene cisa cace ciri m'mphepete mwa Lupande.

DZIRA LIMODZI PA CAKA

M'cigwa muno muli mitundu inai ya miimba imene imaoneka kawirikawiri. Wocuruka ndi uja wa msana woyera, umene umatera m'magulu akulu ndi kulimbirana nyama mwaphokoso. Palinso waung'ono wa mlomo woonda, umene umatola tizidutswa m'mbali anzace akulu akamadya. Wacitatu ndi wa mutu woyera, wokonda kuyenda wokha kapena awiri-awiri. Wacinai, umene uli waukulu koposa yonse, ndi wa nkhope yofiira ya makwinya. Uwu ndiwo uli ndi mlomo wotha kung'amba cikopa colimba cimene inzace yalephera.

M'caka ca 2015 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene ziri pafupi kutha pa dziko lonse lapansi, linaika mitundu itatu yoyambayo pa muyeso wa ngozi yaikulu koposa, ndipo wacinaiwo linauika pa muyeso wotsatira. Caka comweco a Ogada ndi anzao anaonetsa kuti mitundu 8 ya miimba ya mu Africa inali itacepa ndi magawo 62 pa 100 m'zaka 30. Pa miimba 100 iriyonse imene imfa yace inalembedwa, 61 inafa ndi poizoni ndipo 29 inaphedwa kuti ziwalo zace zikagulitsidwe kwa ofuna mankhwala.

Cimene cikulitsa bvutoli ndi kaswanidwe ka mbalameyi. Nkhanga imaikira mazira oposa khumi, ndipo ngakhale alenje aphe zambiri, dzinja limodzi labwino limabwezera gulu lonse. Muimba suli conco. Wa msana woyera umamanga cisa ca timitengo pa nsonga ya mtengo wautali ndi kuikira dzira limodzi lokha pa caka, nthawi ya cisanu. Waumuna ndi waukazi amasinthana kufungatira pafupifupi miyezi iwiri, ndipo mwana akaswedwa amakhala m'cisa miyezi ina inai asanauluke. Pambuyo pace pamapita zaka zinai kapena kuposapo kuti nayenso ayambe kuswana. Ndiye kuti miimba ikulu-ikulu 100 ikafa tsiku limodzi m'cirimwe, pamafanso ana ambiri amene atsala m'zisa akuyembekeza makolo amene sadzabwera. Amenewo palibe amawawerenga.

ADZUKULU A M'CHIRE

Ena angafunse kuti kodi mbalame yonyansa cotere, yosadyedwa, yosaimba, iri ndi nchito yanji kwa munthu wa kwa Mnkhanya kapena wa kwa Msoro? Yankho liri pa mwambo wa maliro. Pamudzi pakagwa zobvuta pamafunika adzukulu, anthu amene amagwira nchito imene ena onse amaiopa, ndipo palibe munthu wanzeru amene amanyoza mdzukulu. Miimba ndiyo adzukulu a m'chire. Gulu lace limamaliza nswala m'mphindi zowerengeka, ndipo m'mimba mwace muli madzi owawa kwambiri amene amapha tizirombo tambiri toyambitsa matenda. Nyama imene yadyedwa ndi miimba siolera pa dzuwa, siisonkhanitsa nchenche ndi agalu, ndiponso siifika mumphika wa munthu.

Mfundo yotsirizayi njofunika m'cigwa cino, kumene matenda a anthrax amabuka kawirikawiri m'nyengo ya cirimwe. Mu 1987 matendawa anapha mvuu zoposa 4,000 mu Luangwa. Mu 2011 anabukanso ku Chama, kumtunda kwa mtsinje womwewu. Kumeneko kunafa mvuu zoposa 80, ndipo anthu oposa 500 anadwala, ambiri a iwo atasenda kapena kudya nyama ya mvuu zofa zokha. Anthu asanu anamwalira. Miimba siingathetse anthrax yokha, koma mtembo wa mvuu ukakhala masiku ambiri pa mcenga popanda coudya, njala ya ndiwo imakokera anthu komweko ndi mipeni ndi madengu.

Dziko la India ndilo linaona cimene cimacitika adzukuluwa akasowa. Kumeneko, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, miimba inayamba kufa cifukwa ca mankhwala ochedwa diclofenac amene alimi anali kubaya ng'ombe zodwala. Muimba ukadya mtembo wa ng'ombe yotere, impso zace zinali kuonongeka. M'zaka zocepa miimba yoposa 95 pa 100 iriyonse inatha. Mitembo ya ng'ombe inaunjikana, agalu osokera anacuruka pamodzi ndi ciwewe, ndipo madzi anaipa. Boma la India linaletsa kubaya ziweto mankhwalawo mu 2006, koma munali m'mbuyo mwa alendo. Akatswiri awiri a zacuma, a Eyal Frank ndi a Anant Sudarshan, anawerengetsa mu 2024 kuti kutha kwa miimba kunaonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

SI OBA MINYANGA OKHA

Kungakhale kunama kunena kuti poizoni yense wa m'cigwa amathiridwa ndi oba minyanga. Thonje ndi mbeu imene yakhala ikubweretsa ndalama m'midzi yambiri ya ku Mambwe, ndipo mlimi wa thonje sasowa botolo la mankhwala m'nyumba mwace. Palinso mankhwala amphamvu monga carbofuran ndi aldicarb, amene ambiri amawadziwa ndi maina a Furadan ndi Temik. Awa ndiwo amapezeka kawirikawiri pa mitembo yothiridwa poizoni m'maiko a kumwera kwa Africa. Fisi akagwira mbuzi m'khola, kapena mkango ukapha nkhumba, mwini wace ali ndi mkwiyo amatenga nyama yotsalayo naithira mankhwala kuti cirombo cikabwerera cife. Koma amene amayamba kufika dzuwa likatuluka si fisi ai. Ndi muimba.

Ena amathira mankhwala m'zithaphwi kapena pa mbeu kuti aphe nkhanga, njiwa ndi tsekwe za ndiwo, ndipo ena amawathira m'madziwe kuti nsomba ziyandame. Amati ukacotsa matumbo ndi cithokomiro nyamayo iribe kanthu. Limeneli ndi bodza loopsya, pakuti poizoniyo amalowa m'thupi lonse la mbalame, ndipo amene amayamba kugonja ndi ana ang'ono. Nsomba yofa ndi mankhwala ikayandama, amene amaitola ndi nkhwazi, mbalame yomwe iri pa mbendera ya dziko lino ndi pa ndalama zace.

Palinso nkhani imene anthu sakonda kuikamba poyera. M'maiko ambiri a mu Africa muli cikhulupiriro cakuti popeza muimba umaona patali, mutu wace ukhoza kupatsa munthu mphamvu yoona zam'tsogolo, kupambana pa juga kapena kukokera makasitomala ku sitolo. Ku Guinea-Bissau miimba yoposa 2,000 inaphedwa ndi poizoni mu 2020, yambiri itadulidwa mitu. Pamene pali wogula, wogulitsa sasowa, ndipo misika ya ziwalozi imafika kutali. Cikhala muimba umaonadi zam'tsogolo, bwenzi sutera pa nyama ya poizoni.

PHUNZIRO LA CIPEMBERE

Anthu a ku Malambo sayenera kuphunzitsidwa ndi mlendo za kusunga nyama, pakuti nchitoyi inayambira kwao. Ca m'ma 1950, Mfumu Yaikulu Nsefu, itakambirana ndi a Norman Carr, inapatula gawo la dziko lace kuti nyama zisungidwe, ndi kuti ndalama zolipira alendo odzaona nyamazo zipite kwa Akunda. Panthawiyo maganizo otere anali acilendo mu Africa yense. Dera limenelo, limene mpaka lero lichedwa Nsefu, linalowa m'nkhalango ya South Luangwa pamene inakhazikitsidwa kukhala nkhalango ya dziko mu 1972. Nkhalangoyi kukula kwace ndi makilomita 9,050 m'litali ndi m'lifupi pamodzi, ndipo mwapezeka mitundu ya mbalame yoposa 400.

Akulu-akulu amakumbukiranso zimene zinatsatira. Kalembera wa mu 1973 anaonetsa kuti m'cigwa conse munali njobvu pafupifupi 86,000, ndipo zipembere zinali zikwi zingapo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zoposa theka zinali zitaphedwa. Boma, mothandizidwa ndi dziko la Norway, linayambitsa cilinganizo ca LIRDP, cimene Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Kenneth Kaunda, anaciyang'anira yekha, ndipo colinga cace cinali cakuti phindu la nyama lifike m'midzi ya mafumu asanu ndi imodzi a Akunda: a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro. Njobvu zinapulumuka. Cipembere sicinapulumuke. Mu 1998 cinalengezedwa kuti catha m'dziko lonse la Zambia, ndipo mu 2003 zipembere zisanu zinacita kubwera pa ndege kucokera ku South Africa kudzayambanso mbeu ku North Luangwa. Mwana wobadwira kwa Malama lero amadziwa cipembere pa cithunzi cabe.

Cipembere cinali ndi abwenzi ambiri ocilira, komabe cinatha. Muimba abwenzi ace ndi owerengeka.

MTSINJE NDI MITENGO

Mbalame zina za m'cigwa ngozi yao icokera kwina. Kumapeto kwa August ndi m'mwezi wa September, madzi akaphwa ndi kusiya magombe aatali, pamafika afulagombe ofiira zikwi-zikwi. Mbalamezi zimakumba mauna m'gombe, kutalika kwace mita imodzi kapena ziwiri, ndi kuikira mazira kumapeto kwa unawo. Gombe lonse limakhala ngati cisa ca njuci, ndipo m'mamawa limafiira ndi mbalame zoothera dzuwa. Mvula ikayamba zimacoka ndi ana ao kulowera kumwera. Alendo ocokera kutsidya kwa nyanja amalipira ndalama zambiri kuti adzaone zimenezi m'miyezi imene kutentha kwace kumathawitsa ngakhale eni dziko. Koma gulu lotere likhoza kutha usiku umodzi munthu akayala ukonde pa mauna.

Ku Nsefu kuli malo kumene mbalame zazikulu zoyera za milomo yacikasu ndi miyendo yaitali zimaswanirana mazana-mazana kumapeto kwa dzinja, kufikira mitengo yace itayera mbuu ndi zitosi, ng'ona zikudikira pansi ana amene agwa. Pa mcenga wa pakati pa mtsinje pamaikira mbalame zina za milomo yofiira zimene zimauluka zikulima madzi ndi mlomo wa pansi. Usiku kumamveka kadzidzi wamkulu wofiirira amene amadya nsomba, amene alendo ambiri amabwerera kwao osamuona.

Zonsezi zimadalira cinthu cimodzi: kuti Luangwa azisefukira m'dzinja ndi kuphwa m'cirimwe monga mwa cikhalidwe cace. Kusefukirako ndiko kumadula magombe atsopano, kuyala mcenga ndi kudzaza madziwe ndi nsomba. Luangwa ndi umodzi wa mitsinje yaikulu yocepa imene yatsala kumwera kwa Africa yosachingidwa ndi damu, ndipo madambo ace analembedwa mu 2007 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Panali maganizo omanga damu la magetsi pa Ndevu, kumunsi kwa nkhalango, koma mafumu ndi mabungwe anakana, ndipo anthu pafupifupi 200,000 anasaina cikalata codandaula. Mu June 2019 Boma linaimitsa cilinganizoco.

Nkhondo ya mitengo yokha ndiyo siinathe. Pa kalembera wa 2010 boma la Mambwe linali ndi anthu pafupifupi 69,000, koma pa kalembera wa 2022 anali atapitirira 100,000. Mseu wocokera ku Chipata uli ndi tara, ndipo aliyense woyendamo amaona matumba a malasha ataimikidwa m'mbali. Mtengo umene ooca malasha amaukonda ndi mupani, umene ena amaucha tsanya, cifukwa makala ace amakhalitsa pa mbaula. Tsono m'mphako za mitengo yaikulu ya mupani ndimo mumagona tizinkhwe tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira, timene timapezeka m'zigwa za Luangwa, Zambezi ndi Shire ndi malo ena ocepa. Katswiri wa ku Malawi, Mai Tiwonge Mzumara-Gawa, anaonetsa kuti timbalameti timafuna mupani wamkulu wokhwima, osati ziphukira, ndi kuti ku Liwonde timafa tikamwa m'zithaphwi zimene alenje athiramo poizoni. Mtengo wa mphako umatenga zaka zambirimbiri kuti ufike pamenepo. Nkhwangwa imaugwetsa dzuwa lisanafike pamutu.

Cilala cimaonjezera moto. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi ya dziko lonse. Cimanga cikapsya m'munda, munthu wosauka amathawira ku nkhwangwa, ku waya ndi ku ukonde, ndipo nyama ndi mbalame zimene zaunjikana pa madzi ocepa otsala zimakhala zosabvuta kupha.

DANDAULO LA MLIMI

Apa pafunika cilungamo. Munthu wa m'dera la Lupande amagona pa nsanja m'munda miyezi ya dzinja akuimba zitini kuthamangitsa njobvu. Usiku umodzi wokha njobvu zikhoza kumaliza munda wonse kapena kuswa nkhokwe, ndipo caka ndi caka pamamveka za anthu ophedwa ndi njobvu, mvuu kapena ng'ona. Dandaulo la alimi ndi lakuti munthu akapha nyama alonda amafika msanga, koma nyama ikaononga za munthu palibe amene amamubwezera. Amadandaulanso kuti gawo la ndalama za nyama limene liyenera kufika ku makomiti a m'midzi limacedwa. Amene amadya nsima ya ndalama za alendo, monga operekeza alendo, ophika ndi oyendetsa magalimoto a ku Mfuwe, ndi ocepa poyerekeza ndi amene amagona ku munda. Munthu wa kwa Jumbe amene sanalowepo m'nkhalango cibadwire, kumuuza kuti asunge muimba cifukwa ca alendo ndi kutaya mau. Cimene angamve ndi ca thanzi la ana ace ndi la mbuzi zace.

Nchito iripo imene ikucitika. Cigawo ca Boma coyang'anira nkhalango ndi nyama za m'chire, cimene cinalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, cimagwira nchito pamodzi ndi bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003. Bungweli limathandiza alonda a m'midzi, limacotsa mawaya m'chire ndi pa nyama zokodwa, ndipo kuyambira 2014 liri ndi agalu onunkhiza minyanga, mfuti ndi nyama pa miseu. Limathandizanso alimi kuthamangitsa njobvu ndi tsabola ndi kumanga nkhokwe zolimba. A Zambian Carnivore Programme, amene amatsata mikango, afisi ndi mimbulu, akhala akuphunzitsa alonda kuzindikira nyama yothiridwa poizoni. A COMACO amagula mpunga, nshawa ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi mawaya ao. A BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969, anayambitsa ku Chisamba malo ochinjiriza miimba, kumene eni mapulazi amalonjeza kusathira poizoni pa nyama ndi kusadula mitengo ya zisa. Nzeru imeneyo ikhoza kugwiranso nchito m'dziko la mafumu, pakuti mau a mfumu pa za mtengo kapena dziwe amamveka kuposa cikwangwani.

Kwa ana a sukulu kuli makalabu a Chongololo, amene anayamba mu 1972, ndi a Chipembele, amene malo ao ophunzitsira ali m'mphepete mwa Luangwa. Mnyamata amene dzulo anali kuyenda ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'thumba ndiye amadziwa bwino kumene mbalame iriyonse imagona. Ena mwa operekeza alendo odziwika a ku Mfuwe anakulira m'midzi yomweyi, ndipo maina a mbalame ndi kulira kwace ndizo zimawadyetsa lero. Loweruka loyamba la mwezi wa September caka ciriconse ndi tsiku lokumbukira miimba pa dziko lonse, ndipo limafika pa nthawi imene ana a miimba ali m'zisa.

MUKAPEZA NYAMA YOKAIKITSA

Lamulo la nyama za m'chire la 2015 limaletsa kupha nyama ndi poizoni, ndipo wopezeka ndi mlandu wopha njobvu amapita ku ndende zaka zosacepera 5. Koma lamulo limafika mbalame zitafa kale. Cimene cimapulumutsa ndi kufulumira kwa munthu woyamba kuona, amene kawirikawiri amakhala msodzi, mbusa wa mbuzi kapena mai wofuna nkhuni.

Zizindikiro zace sizibvuta. Pa mtembo wothiridwa poizoni pamakhala nchenche zakufa zambiri. Pafupi pamagona mbalame kapena nyama zina zakufa, ndipo miimba imene ikali moyo imadzandira, mapiko ali gwede, zala zitafumbata, ikusanza. Nthawi zina pa nyamapo pamaoneka timibulu tofiirira kapena takuda. Wopeza zotere asakhudze kanthu ndi manja, asatengeko nyama ngakhale pang'ono, ndipo acotsepo ana ndi agalu. Ngati pali miimba ina imene ifuna kutera, aiingitse. Kenaka auze anyakwawa, alonda a nyama a m'mudzi kapena ofesi ya nyama ya ku Chinzombo tsiku lomwelo, osati mawa. Alonda akafika amatenga zofunika pa mlandu ndi kuocha mitembo yonse kuti pasafenso cina.

Muimba wodwala ukapezedwa msanga ndi kupatsidwa mankhwala ndi madzi ukhoza kucira ndi kuulukanso. Zinatero mu May 2025 m'nkhalango ya Kruger ku South Africa, kumene oba nyama anathira poizoni pa mtembo wa njobvu. Miimba 123 inafa, koma cifukwa alonda ndi madokotala a nyama anafika m'maola ocepa, anatola ina 84 ikali moyo, naithamangira nayo ku cipatala ca mbalame pa magalimoto ndi pa ndege.